Madzi Saiwala Khwawa: Mbiri ya Kubwerera Kumudzi Kuchokera ku Halale ndi ku Joni



Lero ndifuna tikambirane mbali ina ya mbiri ya dziko lathu imene mabuku a kusukulu amangoilambalala. Mabukuwo amafotokoza bwino zifukwa zimene amuna a dziko lino ankapitira ku Halale ndi ku Joni, koma sanena zambiri za ulendo wobwerera. Chonsecho kwa makolo athu kubwera kudali kovuta kuposa kupita. Popita, munthu ankangofunika miyendo yolimba ndi kathumba ka ufa. Pobwera, ankawoloka mitsinje ndi kudutsa m'nkhalango atasenza thukuta lake la zaka ziwiri, ndipo akafika ankayenera kulandiridwanso ndi mudzi umene udapitiriza kulima, kubereka ndi kuika maliro iye kulibe. Choncho ulendo unkatha pokhapokha mudzi utamva malonje ake, utamuuza za amene adatisiya, ndiponso utadya naye.

Chimene chidawachotsa pamudzi

Dziko lino lidalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891, ndipo pasanapite zaka zambiri boma la atsamunda lidakhazikitsa msonkho wa nyumba wa mashiling'i 3 pachaka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 msonkhowo udakwera kufika pa mashiling'i 6, ndipo okhawo amene adagwirako ntchito kwa Mzungu kwa mwezi umodzi ndiwo ankalipira theka. Ndalama idali yosowa m'midzi, ndipo malipiro a m'minda ya Azungu kuno adali ochepa kwambiri poyerekeza ndi a maiko a kummwera. Kumeneko golide adali atapezeka mu 1886 pamalo pamene padamangidwa mzinda wa Johannesburg, umene makolo athu adaufupikitsa kuti Joni. Mzinda wa Salisbury udayamba mu 1890, koma makolo athu adatenga dzina la eni nthaka lakuti Harare nalitchula kuti Halale, ndipo kawirikawiri ankatanthauza dziko lonse la Southern Rhodesia, limene lero ndi Zimbabwe.

Bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi ya ku Joni, Witwatersrand Native Labour Association, limene tonse timalidziwa kuti Wenela, lidayamba kutenga anthu kuno mu 1903. Ambiri adafa ndi chibayo chifukwa cha kuzizira kwa dzikolo, kotero kuti mu 1913 boma la South Africa lidaletsa kulemba anthu ochokera kumaiko otentha a kumpoto. Chiletsocho chidachotsedwa m'zaka za m'ma 1930. Koma ngakhale pa nthawi ya chiletso anthu sadaleke kupita, ankangodziyendera okha. Mu 1935 komiti imene boma la Nyasaland lidaika kuti ifufuze nkhaniyi idapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 adali kunja kwa dziko, ndiko kunena kuti mwa amuna akuluakulu anayi alionse, mmodzi sadali pamudzi. Paja akuluakulu amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma ng'ona zikachoka zambiri chotere, padziwe pamatsala amayi, ana ndi nkhalamba, maso ali kunjira.

Njira yobwerera

Apaulendo oyambirira ankabwerera monga momwe adapitira, ndiye kuti wapansi. Njira yodziwika kwambiri inkachoka ku Salisbury kudzera ku Mtoko, kulowa m'dziko la Apwitikizi, kuwoloka Zambezi pa Tete, ndi kukwera mapiri kukatulukira ku Mwanza, ku Ntcheu kapena ku Dedza. Lero msewu wochoka ku Harare kufika ku Blantyre ndi wa makilomita pafupifupi 600, ndipo munthu wa katundu pamutu ankatha milungu ingapo akuyenda mtunda umenewu. Anthu a kumpoto ndi ena a chigawo chapakati ankawolokera Zambezi cha ku Feira, kumene lero ndi Luangwa, nadzera ku Fort Jameson, kumene lero ndi Chipata.

Palibe amene ankayenda yekha. Amuna a mudzi umodzi kapena a mfumu imodzi ankadikirana kuti anyamukire pamodzi, chifukwa m'njira mudali mikango, ludzu, ng'ona za pamadooko, ndiponso anthu amene ankadziwa kuti wochokera kuntchito sayenda chimanjamanja. Usiku ankagona mozungulira moto, katundu ali pakati, ndipo ankalondera mosinthana. Ndalama ankazisokerera m'lamba kapena m'mpendero wa jekete. Mudzi umene adapemphako madzi popita ndi womwewo umene ankaufuna pobwera, ndipo apa ndi pamene mwambi uja unkaonekera kuti ndi woona: ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Amene adatukwana eni mudzi popita, pobwera ankagona kuthengo.

Nthawi zina choopsa chinkachokera pakati pa apaulendo eni ake. Nthano ya Sikusinja ndi Gwenembe, imene John W. Gwengwe adailemba m'buku, imakamba za anyamata awiri apachibale amene adakagwira ntchito kutali. Wina adasunga chuma, wina adamwaza, ndipo pobwerera womwazayo adapha mnzake kuti alowe m'mudzi ndi katundu amene sadamukhetsere thukuta, koma mbalame idaulula. Nthano imeneyi inkakambidwa m'midzi imene inkadziwa bwino kuti manyazi ofika kumudzi opanda kanthu angamuchititse munthu zoopsa.

Pang'ono ndi pang'ono njira idafewa. M'zaka za m'ma 1930 boma la Southern Rhodesia lidayambitsa magalimoto onyamula anthu ofuna ntchito osalipira, ndipo anthu adawatcha Ulere. Mu 1935 mlatho wa njanji wa pa Zambezi, pakati pa Sena ndi Dona Ana, udatsegulidwa, kotero kuti wokhala ndi ndalama ya tikiti ankakwera sitima ku Salisbury, kudzera ku Umtali, kutsikira cha ku Beira, ndi kukhotera kumpoto mpaka ku Port Herald, kumene lero ndi Nsanje, kenaka ku Limbe, ku Blantyre, mwinanso mpaka ku Salima. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 a Wenela ankatenga anthu pasitima kuchoka ku Johannesburg kufika ku Francistown, m'dziko limene lero ndi Botswana, ndipo kumeneko ankawakweza ndege yodzatera ku Chileka kapena ku Lilongwe. Gawo lina la malipiro awo linkasungidwa kuti adzalandirire kuno, pofuna kuti ndalama zisathere kuchilendo. Mpaka lero malo okwererapo mabasi mumzinda wa Blantyre amatchedwa Wenela, ngakhale ambiri okwera pamenepo sadziwa kumene dzinalo lidachokera.

Mmene mudzi unkamulandirira

Tsono tiyeni tione zimene zinkachitika wapaulendo akafika. Miyambo inkasiyana malinga ndi dera, koma m'midzi yambiri ya Achewa zinkayenda motere.

Choyamba, munthu wanzeru sankalowa m'mudzi dzuwa lili pamutu. Ankaima pamudzi woyandikana nawo kapena kwa mbale wake, natumiza mnyamata kukanena kuti uje ali m'njira, ndipo iye ankalowa chisisira chitagwa. Chifukwa china chidali kubisa katundu ku maso a kaduka. Koma chifukwa chachikulu chidali kupatsa akuluakulu mpata wokonzekera, pakuti m'zaka ziwiri pamudzi pamachitika zambiri zimene munthu sayenera kungozigundika.

Akafika ankamuyalira mphasa, kumupatsa madzi ndi thobwa, ndipo ankamuphera nkhuku monga amachitira ndi mlendo. Ngakhale adabadwira pomwepo, tsiku limenelo adali mlendo ndithu. Kenaka pankabwera malonje. Iye ankafotokoza ulendo wonse mwadongosolo: kumene adagwira ntchito, mmene adayendera, abale amene adawaona ndi amene adawasiya m'manda a kuchilendo. Malonje amenewa adali ngati nyuzipepala ya mudzi, chifukwa amayi a m'midzi yozungulira ankabwera kudzafunsa za amuna awo ndi ana awo, ndipo wobwerayo ankatulutsa makalata ndi tindalama timene anzake adamupatsira. Kudya ndalama yopatsiridwa udali mlandu wochititsa manyazi mbumba yonse.

Akatha kudya ndi kupuma, mpamene akuluakulu ankamuuza za maliro. Sankamuuza ali chiimire kapena ali ndi njala. Mwini mbumba kapena mfumu ankatchula mmodzimmodzi onse amene adamwalira iye atachoka, ndipo amayi ankayambanso kulira ngati maliro achitika tsiku lomwelo, kuti nayenso alire nawo limodzi. M'mawa mwake ankayenda m'makomo kukakhuza maliro, ndipo mfumu ikalola ankamuperekeza kumanda kukaona mitumbira. Munthu amene sadalire nawo maliro a kwawo ankakhalabe ngati wapanjira.

Padalinso miyambo ya kudzisunga. Makolo ankakhulupirira kuti mkazi wotsala pamudzi akapanda kudzisunga, mwamuna wake angaone ngozi kumgodi. Nayenso wobwerayo sankathamangira kunyamula khanda, poopa tsempho, kufikira akuluakulu atalongosola zofunika. Ena lero amaseka zimenezi, koma taonani ntchito yake: mwamuna ndi mkazi amene adasiyana zaka ziwiri ankakhala pansi pamaso pa ankhoswe, ndipo zobisika zinkatuluka mwamtendere zisanasanduke ndewu. Pomaliza pankafululidwa mowa kapena kuthiridwa nsembe ya ufa patsinde pa mtengo, kuthokoza mizimu ya makolo kuti yamusunga mwana wawo m'njira. Chikhristu ndi Chisilamu zitafala, ambiri adasintha nsembeyo kukhala pemphero ndi chopereka cha chithokozo, koma cholinga chidali chomwecho.

Za m'bokosi ndi zosaoneka ndi maso

Bokosi linkatsegulidwa pambuyo pa zonsezi. Ife amene tidali ana m'zaka za m'ma 1960 tikukumbuka mabokosi achitsulo opakidwa utoto, mabulangeti olemera, majekete, zipewa, nsalu za amayi, galamafoni, wailesi, makina osokera a Singer, ndi njinga ya Humber kapena Raleigh imene ana tinkaithamangira mpaka kudambo. Kugawa katunduyu kunkafuna nzeru. Mwa Achewa mwamuna ndi mkamwini kumudzi kwa mkazi wake, komanso ndi mwini mbumba kwa alongo ake ndi ana awo. Akakondera kuchikamwini, alongo ake ankati waiwala bere limene adayamwa. Akakondera kwawo, apongozi ankamukumbutsa amene adalimira ana ake iye kulibe. Choncho bulangeti la amayi ake, nsalu ya apongozi, jekete la atsibweni ndi kanthu ka mfumu zinkaganiziridwa asanachoke ku Joni. Kwa Angoni ndi Atumbuka, kumene ukwati umayenda ndi malowolo, ndalama zambiri zinkagula ng'ombe.

Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo apaulendowa adabweretsa zambiri zosalowa m'bokosi. Elliot Kamwana adabwerera kuchokera ku South Africa mu 1908 ndi chiphunzitso cha Watch Tower, nabatiza anthu zikwizikwi m'dera la Nkhata Bay. Hanock Msokera Phiri adabwera ndi mpingo wa African Methodist Episcopal ku Kasungu mu 1924. Daniel ndi Donald Kachamba adakhala ku Salisbury ali ana, ndipo atabwerera kwawo ku Chileka adatchuka ndi nyimbo za kwela. Mawu ena amene timalankhula, monga komboni ndi chibalo, adafala ndi anthu a maulendo omwewa.

Ena adabwera ndi zowawa. Fumbi la miyala ya mumgodi linkawononga mapapo, ndipo amuna ambiri ankafika akutsokomola, nadzafera m'manja mwa akazi awo patangopita zaka zochepa. Padatenga nthawi yaitali kuti mlandu umenewu uweruzidwe: mu 2019 khoti la ku South Africa lidavomereza mgwirizano wakuti makampani a migodi ya golide apereke chipukutamisozi kwa odwala matenda a fumbi ndi chifuwa chachikulu amene adagwira ntchito kuyambira mu 1965. Pofika nthawi imeneyo ambiri mwa iwo adali atagona kale.

Matchona

Sikuti onse adabwerera. Amene adakhalitsa osatumiza kalata kapena ndalama ankatchedwa matchona. Mawuwa adachokera ku zilankhulo za kummwera, kumene kutshona ndi kumira kapena kulowa kwa dzuwa. Mtchona ndi munthu amene walowa ngati dzuwa. Zaka zikachuluka, ankhoswe ankakumana ndi kumasula mkazi wake kuti akwatiwenso, ndipo ana ankakula akungomva dzina la bambo wawo.

N'chifukwa chiyani munthu ankatchona? Ena adakwatira kumeneko, ena adazolowera moyo wa m'tauni. Koma ambiri adamangidwa ndi manyazi. Ndalama zikathera mowa ndi njuga, kapena akaberedwa, munthu ankati ndigwireko chaka china kuti ndipeze chopita nacho kwathu. Chaka chinkabala chinzake, ndipo pamene zaka zinkachuluka, mphatso yoyenera kupepesera nayonso inkakula, kufikira tsitsi lidachita imvi. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Clements Kadalie wa ku Chifira, m'boma la Nkhata Bay, adachoka mu 1915, nayambitsa bungwe lalikulu la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ndipo adamwalira ku East London mu 1951. Hastings Kamuzu Banda adachoka ku Kasungu wapansi cha m'ma 1915, nagwira ntchito ku Hartley ndi ku Johannesburg asanapite kukaphunzira kutsidya kwa nyanja. Adabwerera pa 6 July 1958, patatha zaka zoposa 40, ndipo polankhula kumisonkhano ankagwiritsa ntchito womasulira. Ngakhale zidali choncho, anthu zikwizikwi adakamuchingamira ku Chileka ngati mwana wa pamudzi.

Zidzukulu za matchona zilipo zambiri ku Zimbabwe. Minda ya Azungu italandidwa kuyambira mu 2000, ambiri mwa iwo adataya ntchito ndi pokhala, ndipo lamulo la unzika la 2001 lidasiya ambiri opanda dziko, mpaka malamulo atsopano a 2013 adabwezera unzika kwa obadwira m'dzikolo. Ena adayesa kubwera kuno atangogwira dzina la mfumu limene agogo awo ankatchula. Amene adapeza nkhalamba yokumbukira mfunda wawo adalandiridwa. Chibale ndi fupa, sichiola.

Chaka chimene onse adabwerera

Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela yonyamula anthu obwerera kumudzi idagwa itangonyamuka ku Francistown. Anthu 78 adafa, ndipo ambiri mwa iwo adali Amalawi amene adali atamaliza ntchito yawo, mphatso za ana awo zili m'manja. Kafukufuku adapeza kuti mafuta a ndegeyo adasakanizidwa ndi a mtundu wina. Boma la Malawi lidaimitsa kulemba anthu a kumigodi, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira amuna oposa 100,000 adabwerera. Midzi idadzaza njinga ndi mawailesi, magolosale adatsegulidwa m'misika, ndipo ambiri adakalowa ntchito m'minda ikuluikulu ya fodya imene inkakula nthawi imeneyo, pa malipiro ochepa kuposa a ku Joni.

Kulemba anthu kudayambanso mu 1977, bungwe lija litasintha dzina kukhala TEBA, limene anthu amati Theba, koma chiwerengero sichidafikenso pakale. Mu 1988 maboma awiriwa adasemphana pa nkhani yoyeza magazi a anthu opita kumigodi ngati ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo pofika 1992 amuna pafupifupi 13,000 adali atabwezedwa kumudzi. Apa mpamene padathera ulendo wa kontrakiti.

Msewu wa masiku ano

Ulendo weniweniwo sudathe. Mlatho wa pa Tete udatsegulidwa mu 1973, koma pa nkhondo ya ku Mozambique magalimoto ankadutsa m'chigawocho mondondozana, moperekezedwa ndi asilikali, kufikira mtendere udabwera mu 1992. Tsankho la apartheid litatha mu 1994, anyamata ndi atsikana omwe adayamba kupita ku Joni paokha. Basi yochoka ku Johannesburg imadzera pa Beitbridge, ku Harare, pa Nyamapanda, ku Tete, pa Zobue, ndi kulowa pa Mwanza, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,700 kukafika ku Blantyre. Kuchokera ku Harare, msewuwu ukutsata pafupifupi mapazi a agogo aja. M'ngolo yokokedwa ndi basi mumakhala mafiriji, matiresi ndi mawailesi akanema m'malo mwa galamafoni. Nthawi zina galimoto yobwera pamsewu womwewu imanyamula bokosi la maliro limene anzake a malemu asonkherana kuti mnzawo akagone kwawo.

Mu May 2008 anthu 62 adaphedwa ku South Africa pa zipolowe zothamangitsa alendo, ndipo mu April 2015 zipolowe zidabukanso. Maulendo onse awiri boma lidatumiza mabasi kukatenga Amalawi, ndipo ambiri adatsika ndi zovala za m'thupi zokha. Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Koma ena mwa iwo sadakhalitse, adabwereranso kumene adathawa, ndipo chimodzi mwa zowabweza chidali mafunso a pamudzi akuti wabwera ndi chiyani.

Apa mpamene mwambo wa makolo ukutiphunzitsa kanthu. Taonaninso dongosolo lake: madzi, chakudya, malonje, maliro, chithokozo, ndipo bokosi pomalizira. Iwo ankalandira munthu asanaone katundu. Lero foni yachotsa malonje, chifukwa nkhani zonse zimafika wapaulendo asanafike, ndipo maliro timauzana pa WhatsApp munthu ali pantchito. Chimene chatsala pa mwambo wonse uja ndi kutsegula chikwama, ndipo mwana amene alibe chikwama amaona kuti alibe njira yolowera m'mudzi. Umu ndi mmene timapangira matchona atsopano ndi manja athu.

Tsono inu adzukulu amene muli ku Joni, ku Cape Town kapena kwina kulikonse, musadikire kuti bokosi lidzaze. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo, ndipo nayenso mayi sawerenga mabulangeti mwana wake akaima pakhomo. Lembani penapake dzina la mudzi wanu, la mfumu yanu ndi mfunda wanu, ndipo muwaphunzitse ana anu obadwira kumeneko. Inu otsala pamudzi, mbale wanu akatsika basi, muyalireni mphasa, mupatseni madzi, mumve malonje ake mpaka amalize, ndipo mupite naye kumanda akaone pamene padagona amene adamwalira iye kulibe. Za m'chikwama adzatulutsa yekha, ngati zilimo. Madzi saiwala khwawa, koma khwawa likatsekedwa ndi miyala, madziwo amapatukira kwina.